Kamera ndi ya abwana, mtima uli kudamu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wogwira ntchito pa situdiyo yojambula zithunzi ku Katete. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi yodziwika: zithunzi za pasipoti, za ana asukulu, za zinkhoswe ndi maukwati, ndipo Ogasiti akafika amapita ku Mkaika kukajambula anthu obwera ku Kulamba. Koma mtima wake uli kudamu. Kwa miyezi inayi tsopano wakhala akunyamula kamera ya abwana ake Loweruka madzulo, Lamlungu m'mamawa n'kukabisala m'bango kujambula abakha am'tchire, Lolemba n'kuibwezera pa shelefu abwanawo asanafike. Sabata yatha abwana anapeza matope pa lamba wa kamera ndipo anafunsa. Iye anayankha kuti anaterereka pa ukwati. Kuyambira tsikulo tulo sakutiona. Akufunsa zinthu zitatu: aulule kapena akhale chete, abakhawo awajambule bwanji poti pa zithunzi zake amangooneka ngati timadontho takuda pamadzi, komanso ngati muli ndalama m'zimenezi.

Mphwanga, funso loyambalo ndiye mwini nkhani, enawo ndi ana ake. Ulule. Usadikire kuti abwana akugwire kachiwiri, chifukwa tsiku limenelo sadzafunsanso za matope, adzafunsa za bodza, ndipo pa ntchito bodza limachotsetsa munthu msanga kuposa kamera yosweka. Iwe ukuona ngati sunabe kanthu poti kamerayo umaibweza. Tiye tiwerengere limodzi zimene umaibweza zitachepa.

Kamera iliyonse ili ndi shata, kachitseko kamene kamatseguka n'kutsekeka ukadina batani, ndipo kachitsekoka kamatha. Makamera ambiri otsika mtengo a Canon ndi Nikon, amene adzaza m'masitudiyo athu, anapangidwa kuti shata yake idine maulendo pafupifupi 100,000. Chithunzi cha pasipoti chimafuna kudina kawiri kapena katatu. Gulu la abakha likauluka, chala chako chimakakamira pa batani ndipo m'mawa umodzi wokha umatha kudina maulendo 500. Chita zimenezo Lamlungu lililonse chaka chathunthu, wadya gawo limodzi mwa magawo anayi a moyo wa kamera ya eni, mwini wake osadziwa. Chachiwiri ndi chinyezi. Lenzi imene yakhala m'nkhungu ya kudambo kenako n'kutsekeredwa m'chikwama imamera nguwi m'kati mwa galasi, timizere toyera ngati ukonde wa kangaude, ndipo kuchotsa zimenezo kumafuna mmisiri. Chachitatu ndi memore khadi. Ine ndemwe ndikulemba pano ndinafufutapo zithunzi za ukwati wa anthu ndili mnyamata, pa situdiyo ina imene ndinkagwirako, chifukwa ndinkafuna malo oikapo zithunzi zanga za mbalame ndipo ndinkaganiza kuti za ukwatizo zinali zitakoperedwa kale pa kompyuta. Zinali zisanakoperedwe. Nkhope ya apongozi a mkwati tsiku limene anabwera kudzatenga zithunzi sindidzaiiwala mpaka kumanda.

Tsono ukapita kwa abwana, usapite ndi misozi yokha, upite ndi pempho lokonzedwa kale. Uwauze zimene wakhala ukuchita, upepese chifukwa cha bodza la ukwati lija, kenako upemphe kuti azikubwereka kamerayo poyera pa masiku amene palibe kasitomala. Uwalonjeze zinthu zooneka: ugula khadi lako ndi batire lako, kuti za situdiyo zisamapite kudamu; uzilemba m'kabuku tsiku lotenga ndi tsiku lobweza, nonse awiri n'kusainira; chikawonongeka china uli nayo, ukonzetsa ndi iwe, ngakhale mozidula pang'onopang'ono pa malipiro. Ngati angafune kandalama ka lendi, usakwiye. Ukanakhala iwe mwini kamera ukanateronso.

M'kabuku komweko mulembe za mwini zithunzi. Lamulo la Zambia la 1994 loteteza ntchito zaluso limati chimene wantchito wapanga monga gawo la ntchito yake, mwini wake woyamba ndi womulemba ntchitoyo, pokhapokha atagwirizana zina. Abakha a Lamlungu si gawo la ntchito yako, koma popeza kamera ndi ya abwana, mkangano ukhoza kubuka tsiku limene chithunzi chimodzi chidzagulidwe. Lero zikuoneka ngati nkhani yachabe chifukwa palibe ndalama. Zilembeni lero lomwe, mitima ili m'malo. Ndipo ngati pa situdiyopo wakhala kupitirira miyezi isanu ndi umodzi wopanda pepala lililonse la ntchito, dziwa kuti lamulo la ntchito la 2019 limafuna kuti mgwirizano wautali choncho ukhale wolembedwa. Koma imeneyo usaiyambe tsiku lopepesa. Munthu sapempha mchere ndi nyama tsiku limene waswa mphika.

Akakana bwanji? Akakana, akana, kamera ndi yawo. Usabwerere ku zobisa. Mapanga awiri avumbwitsa: ukafuna kusunga ntchito uku ukuzembetsa katundu wa pantchito, udzataya zonse ziwiri. Foni yako ikhoza kukuyambitsa. Ukagunditsa diso la kamera ya foni pa diso limodzi la zoonera patali, zija amati mabainokyula, umapeza chithunzi chokwanira kuzindikira mtundu wa mbalame, ngakhale si chopachika pakhoma. Uziika padera pang'ono mwezi ndi mwezi mpaka udzapeze kamera yogwiritsidwapo kale ntchito.

Tibwere kwa abakha. Choyamba, dziwa amene ukujambula. Abakha amene amayenda m'midzi mwathu, a nkhope yofiira ya tinjerewere, si am'tchire ndipo si a kuno ayi. Makolo awo anachokera ku Central America ndi South America, ndipo amalowa m'damu monga mmene nkhuku imalowera m'munda. Ndaonapo achinyamata akunyadira pa Facebook kuti ajambula bakha wam'tchire, chikhalirecho ndi bakha wa agogo a kutsidya amene madzulo amabwerera kukhola.

Wam'tchire amene udzakumane naye kawirikawiri ndi uja wa nkhope yoyera, khosi lalitali, amene amaima chilili m'mphepete mwa madzi ali gulu. Ena amamutcha chipweyo, ndipo dzinali likutsanzira kulira kwake, kamluzu ka mawu atatu kamene umamva usiku gulu likamadutsa pamwamba pa mudzi. Ameneyu amadya kwambiri usiku, masana n'kumapuma, n'chifukwa chake m'mawa umawapeza atasonkhana pamodzi. Pali tsekwe wamkulu wakuda wa mimba yoyera, amene ali ndi chikhadabo pa phiko; pa mbalame zonse za mtundu wa abakha mu Africa muno, wamkulu ndi iyeyu, ndipo ndi wochenjera moti amauluka iwe udakali kutali. Pali wina wa mtundu wa dothi, wa chigamba chofiirira kuzungulira diso ndi kadontho pachifuwa, waphokoso, amene amayenda awiriawiri ndipo wadzaza m'mbali mwa Luangwa. Pali wina amene wamwamuna amamera chotupa chakuda pamwamba pa mlomo, chimene chimakula nyengo yoswana. Ndiye pali kakang'ono kwambiri, ka mtundu wobiriwira ndi wachikasu chofiirira, kamene kamakonda madzi odekha okhala ndi maluwa a kakombo ndipo kamaikira mazira m'mphako za mitengo. Kameneka ukadzakajambula bwino, udzanditumizire, ndidzakugulira nsima ya nkhuku.

Nyengo nayo ili ndi chonena. Mvula ikayamba mu Novembala mpaka mu Epulo, madzi amakhala paliponse, madambo a ku Sinda ndi ku Vubwi amadzaza, ndipo abakha amabalalika kukaswana m'udzu. Ndi nthawi yovuta kuwapeza, komanso ndi nthawi imene suyenera kuwavutitsa. Kuyambira mu Meyi madzi akayamba kuphwera, amasonkhana m'madamu ndi m'mathamanda otsala m'mitsinje ngati Kapoche ndi Lupande. Juni ndi Julayi ndi miyezi ya nkhungu ya m'mawa, imene imakongoletsa chithunzi koma imanyowetsa lenzi. Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi ya fumbi ndi utsi wa lupsa, ndipo posintha lenzi panja nthawi imeneyo umalowetsa fumbi m'mimba mwa kamera. Chaka cha chilala ngati 2024, chimene boma linalengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, madamu aang'ono amauma msanga ndipo mbalame zimasamukira kumene kwatsala madzi.

Za timadontho takuda tija, matenda ako ndi atatu ndipo ndikuwaona ngakhale sindinaone zithunzizo. Uli kutali, waimirira, ndipo dzuwa lili kutsogolo kwako.

Lenzi ya pa situdiyo, ija ya 18-55mm, inapangidwira munthu woima mapazi asanu kuchokera pa iwe. Mbalame imafuna lenzi yofika 300mm, ndipo ya 70-300mm yogwiritsidwapo kale ntchito ndiyo khomo lotsika mtengo. Komabe lenzi yaitali siilowa m'malo mwa kuyandikira, ndipo bakha sayandikiridwa pomulondola. Ukamuyendera, iye amasambira kupita pakati, iwe n'kujambula mchira. Njira yake ndi kufika kusanache, kukhala pansi pamalo amene unawaona dzulo, n'kudikira kuti iwo abwere okha. Vala zovala za mtundu wa dothi, malaya oyera a ku tchalitchi uwasiye kunyumba. Dzifunditse chiguduli kapena saka lakale, usasunthe, foni uyitseke pakamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi 30 zoyamba sipachitika kanthu, nyerere zimakuluma, miyendo imachita dzanzi, ndipo apa m'pamene ambiri amanyamuka. Amene watsala amaona gulu likutera, likusamba, likukupiza mapiko mapazi 20 kuchokera pamene wakhala. Ukamabwerera malo omwewo sabata ndi sabata, mbalame zimakuzolowera ngati chitsa.

Usajambule utaimirira. Chithunzi chochokera pamwamba chimaonetsa msana wa bakha ndi madzi akuda. Gona chafufumimba, kamera ikhale pafupi ndi msinkhu wa diso la mbalame, ndipo udzaona kuti kumbuyo kwake kwasungunuka bwino, mbalame yokha n'kuoneka ngati yatuluka m'pepala. Matope aja anafika pa lamba chifukwa unalibe choyala. Tenga pepala la pulasitiki ndi kathumba kodzaza nyemba kapena chimanga kotsamiritsapo lenzi. Kathumba kameneka kamagwira ntchito ya choimikapo kamera chodula chija cha miyendo itatu.

Dzuwa likhale kumsana kwako. Choncho m'mawa khala kum'mawa kwa damu, madzulo kumadzulo kwake. Maola abwino ndi awiri oyamba dzuwa litatuluka ndi limodzi lomaliza lisanalowe. Dzuwa la paliwombo limachita mithunzi yoipa ndipo madzi amathobwa m'maso. Liwiro la shata likhale 1/500 kwa bakha wosambira, 1/1600 kapena kuposa kwa wouluka. Kukakhala kamdima, kweza ISO mpaka 800 kapena 1600 osaopa; chithunzi cha timchenga pang'ono chimaposa chithunzi chogwedera. Loza pa diso. Diso likathwa, wopenya amakhululukira zina zonse, koma diso likafuwa, chithunzicho n'chotaya ngakhale nthenga zitaoneka bwanji. Ndipo chenjera ndi nkhope yoyera ya chipweyo: madzi akakhala akuda kamera imanyengeka n'kuwalitsa kwambiri, nkhope ija n'kupsa kukhala chigamba choyera chopanda nthenga. Tsitsa kuwala pang'ono, uyang'ane pa sikirini, ukonze. Dziwanso kuti mbalame zimanyamuka ndi kutera moyang'ana kumene kukuchokera mphepo, ndiye mphepo ikakhala kumsana kwako pamodzi ndi dzuwa, zidzabwera chokuyang'ana.

Ukafika kunyumba usatsekere kamera m'chikwama nthawi yomweyo. Ipukute ndi kansalu kofewa, uisiye pamalo ouma podutsa mphepo, ndipo m'chikwamamo muzikhala timapaketi tija timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano, toyamwa chinyezi.

Koma zimene zingakugwetse m'mavuto kudamu si ISO ayi, ndi anthu. Damu la kumudzi si la mbalame zokha. Amayi amachapa ndi kusamba pomwepo, ana amasambira ali maliseche, abusa amamwetsa ng'ombe. Mnyamata wobisala m'bango m'bandakucha ndi kamera ya mlomo wautali, ukuganiza kuti anthu amuona bwanji? Ukadzagwidwa, mawu oti ndimajambula abakha sadzakupulumutsa, adzangowonjezera mkwiyo. Yamba wapita kwa anyakwawa a mudziwo masana, udzitchule dzina ndi kumene umagwira ntchito, uwaonetse zithunzi za mbalame pa kamera, upemphe malo. Ufunse doko la amayi lili mbali iti, ndipo kumeneko lenzi yako isaloze ngakhale mwangozi. Ufunsenso malo amene mlendo safika. Iwe ndi mwana wa kuno, ukudziwa kuti msitu wa m'mbali mwa mtsinje nthawi zina ndi manda kapena dambwe, ndipo mlandu wa kumeneko suthera pa kupepesa. Ukadzasindikiza chithunzi chabwino, chimodzi ukawapatse anyakwawawo. Ulendo wotsatira adzakuuza okha kumene atsekwe amagona.

Kumbukiranso kuti dera lathu lino ndi la m'malire. Vubwi yagundana ndi Malawi ndi Mozambique, ndipo msewu wa ku Chanida umathera pachipata cholowera ku Mozambique. Kufupi ndi chipata, milatho kapena malo a asilikali ndi apolisi, kamera ikhale m'chikwama, ndipo chitupa chako cha NRC chikhale m'thumba nthawi zonse.

M'madzi usalowe. Madamu ndi mathamanda odekha ndiwo kwawo kwa nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu popanda bala lililonse. Ngati miyezi inayi yapitayi wakhala ukuvuula m'madzi, pita kuchipatala akakuyeze. Mankhwala ake, praziquantel, alipo ndipo sachedwa kugwira ntchito. Ukadzapita kuchigwa cha Luangwa, za kugona m'mphepete mwa madzi ndakuuzazi uziiwale, kumeneko kuli ng'ona ndi mvuu. Ukapeza mbalame zam'madzi zingapo zitafa pamalo amodzi, usazigwire kapena kupita nazo kunyumba. Ukauze a ofesi ya zaziweto, chifukwa chimfine cha mbalame chimayenda ndi mbalame zoterezi ndipo chikhoza kufika m'makola a nkhuku.

Chisa usachiyandikire. Make akauluka chifukwa cha iwe, mazira amatsala poyera kwa akhwangwala ndi ang'azi. Ndipo poika chithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp usatchule dzina la damu. Iwe ukuona kukongola, wina akuona ndiwo, ndipo Lamlungu lotsatira udzapeza anyamata a malegeni ndi agalu atakutsogolera. Mbalame zam'tchire zili pansi pa lamulo la nyama zakutchire la 2015, limene amaliyang'anira ndi a Department of National Parks and Wildlife, koma lamulo silifika padamu lililonse m'bandakucha. Pakamwa pako ndiye mlonda woyamba.

Za ndalama ndikuuza mosapsatira: n'zochepa. Munthu wa pa Katete adzakulipira kuti umujambule mwana wake atavala za sukulu, koma sadzakulipira chifukwa cha tsekwe. Ena amalota zokagulitsa m'malo ogona alendo ku Mfuwe, pakhomo la South Luangwa National Park. Yesa, koma dziwa kuti alendo a kumeneko amabwera ndi malenzi a mtengo wa galimoto, ndipo amafuna kambuku ndi njovu. Zimene ndaona zikuyenda ndi zazing'ono: kalendala ya situdiyo yopatsa makasitomala kumapeto a chaka, zithunzi zingapo za m'mafelemu zopachika m'malo ogona alendo ndi m'malesitilanti a m'mbali mwa Great East Road, makhadi. Apa m'pamene ungawakope abwana ako, chifukwa dzina la situdiyo yawo lidzakhala pansi pa chithunzi chilichonse. Potumiza chithunzi kwa wofuna kugula, tumiza chaching'ono chokhala ndi dzina lako pakati; chachikulu chipite ndalama zitalowa, ndipo chipite ngati dokyumenti, poti WhatsApp imafinya zithunzi n'kuzichotsa mafuta.

Pali phindu lina losalowa m'thumba lero. Zambia ili ndi mitundu ya mbalame yopitirira 750, ndipo ku South Luangwa kokha anawerengako yoposa 400, chifukwa kumeneko kumafika anthu oonerera mbalame chaka chonse. Padamu la kumudzi kwanu anthu otere safika. Chithunzi chako, ngakhale chija cha kadontho, chikakhala ndi tsiku, malo ndi chiwerengero cha mbalame, ndi umboni. Ukhoza kuchiika pa eBird, nkhokwe ya pa intaneti ya zolemba za mbalame, imene anaiyambitsa mu 2002 a Cornell Lab of Ornithology ku America, ndipo pulogalamu yawo ya pafoni ya Merlin ikuthandiza kudziwa mayina. Kuno kwathu kuli BirdWatch Zambia, bungwe limene linayamba mu 1969, lomwe limatenga mbali pa kalembera wa mbalame zam'madzi wochitika mu Januwale ndi mu Julayi. Alembere. Mnyamata wodziwa mbalame za kwawo ndi mayina ake, wokhala ndi kabuku ka zaka ziwiri kapena zitatu, ali ndi poyambira akadzafuna kulemba mayeso a otsogolera alendo kuchigwa.

Ndipo abwana ako uwauze ichi, chifukwa n'choona: munthu amene waphunzira kugwira bakha wouluka osagwedeza sadzaphonyanso mkwatibwi akuvina polowa m'holo, kapena gule akutimba fumbi pabwalo la Mkaika. Amene waphunzira kusapsereza nkhope yoyera ya chipweyo sadzapserezanso diresi loyera la ukwati litayandikana ndi suti yakuda. Lamlungu lako kudamu ndi sukulu imene situdiyo ikupindula nayo osalipira fizi, bola likhale lodziwika.

Sankha zithunzi zitatu zimene zili bwinoko, uzisindikize ndi ndalama zako, ugule kabuku ka masamba 32. Lolemba ufike msanga, usese, ndipo abwana akakhala pansi kasitomala asanabwere, uyambe ndi nkhani ya matope ija.